Mlembi Wathu Wachiwiri

Kalata ndinailemba katatu.
Yoyamba inali ndi mano, Lufeyo anati ing'ambe.
Yachiwiri inagwada kwambiri, ndinaing'amba ndekha.
Yachitatu inangoti: Lachinayi, naini koloko,
tidzayenda kuchoka ku Mbare mpaka ku khonsolo,
zigubu zouma m'manja.
Sitikupempha. Tikudziwitsa.

Ku polisi ya Matapi benchi ndi lozizira.
Ndinapita ndi Esinati, poti kumeneko munthu sapita yekha,
mng'ono wanga ali panja, maso pa wotchi:
thwelofu ikakwana tisanatuluke, aimbire loya.
Sajeni Gwatidzo anawerenga akulondola ndi chala,
n'kuima pa dzina langa.
"Nachisale? Kwanu n'kuti?"
Ndinati Buloko Seveni, chipinda cha pakona,
m'mene bambo anga anafera akudikira penshoni ya njanji.
Anatsokomola. Anadinda.
Kolala yake inali yochapidwa ndi madzi ochepa, ngati yanga.
Ndinamupempha adinde ndi pepala langa lomwe.
Ulemu ndi ulemu, koma chidindo ndiye mboni.

Tsono pali wina, wopanda yunifolomu.
Akuti ndi Munyaradzi, akuti amagulitsa mayunitsi.
Misonkhano khumi ndi inayi sanajombepo,
ngakhale tsiku la chimvula lija tinabwera asanu okha.
Amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo,
nsapato zili phuliphuli, za munthu wosaponda matope athu.
Anyamata anati timukunthe.
Lufeyo anati tisamukire kwina, tizinong'ona.
Ine ndinati kunong'onako ndi kumene akukufuna:
mawu a m'khutu amanenepa m'njira,
pofika pa tebulo la abwana ake
chigubu chasanduka bomba.

Ndiye ndinamukokera mpando kutsogolo.
"Achimwene, poti mumalemba kale, lembani bwino.
Mpope unauma miyezi isanu ndi itatu,
musakadule isanuyo."
Holo yonse zii.
Anayang'ana nsapato zake,
kenaka n'kutulutsa cholembera.

Anandipeza pa Copacabana ndikudikira kombi,
chimanga chootcha chili m'manja, akuti n'changa.
Ndinalandira, n'kulipira ndekha.
"Amayi, tithandizane. Mayina okha.
Amene amakutumani."
Mawu ofewa ngati buledi wa m'mamawa.
Ndinati tsegulani bukulo.
Ruvarashe Chinembiri, zaka zinayi.
Mai Sauti a ku Buloko Naini.
Khanda la Esinati, losafika pa dzina.
Onsewa anamwa pa chitsime cha kuseri kwa zimbudzi.
Otituma ndi amenewo.
Mukawapeza ku manda a ku Mbudzi, mzere wakumapeto.

Sanalembe.
Kondakitala anakuwa, ine n'kukwera.

Sindinama kuti ndi mnzanga.
Usiku wina akhoza kugogoda,
ndipo chikwama chili kale kuseri kwa chitseko:
mswachi, juzi, mapiritsi a mtima,
nambala ya loya ndinailoweza ngati pemphero.
Njoka suifunditsa bulangeti lako,
koma n'kwabwino kudziwa pamene yagona.
Chimene ndimamuuza iye
ndi chimene ndinganene pa chimkuzamawu,
osaonjezera, ngakhale dzina la galu wa munthu.

Lachinayi tinayenda.
Zishango uku, zishango uko, zipewa zotseka nkhope,
Sajeni Gwatidzo patsogolo, kalata yathu m'thumba la malaya.
Mnyamata wina anatola mwala,
Esinati anamugwira dzanja, n'kumupatsa chigubu chake.
Tinkaziomba ndi zikhatho, du, du, du,
mpaka a m'mafulati anatuluka pa makonde.

Pa mlatho wa Mukuvisi ndinacheuka.
Ndinamuona kumbuyo kwenikweni,
buku likusuzumira m'thumba,
m'manja chigubu chachikasu, chophwanyika pakamwa.
Kaya n'chobisalira,
kaya n'cha kwawo ku Mufakose,
sindinamufunse.
Chinkalira chimodzimodzi ndi zathu.